Kuliza galimoto m'mawa wozizira ndi kusamala mpweya wa m'kati mwake

Kuno ku Mangochi timadziwika ndi kutentha, ndipo munthu akayamba kukamba za zipangizo zothandiza kuliza galimoto m'nyengo yozizira, ambiri amaganiza kuti nkhaniyo ndi ya anzathu a ku Dedza kapena ku Mzimba. Komabe aliyense amene anadzukapo 4 koloko m'bandakucha mu Juni kapena mu Julaye, mwera utawomba usiku wonse, kuti akanyamule nsomba ku Makawa kapena kuti akapezeke ku Liwonde dzuwa lisanatuluke, amakudziwa kulira kolemera kwa sitata imene ikulephera kutembenuza injini. Tauni yathu ili pamalo otsika, osafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, koma mukakwera mapiri a Chowe kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, kapena mukadutsa pa Golomoti n'kukwera Khwekhwerere kupita ku Dedza, kumene kuli pamwamba kupitirira mamita 1,500, mumapezeka m'nyengo ina tsiku lomwelo. Chimene ndachiona kwa zaka zambiri n'chakuti kuzizira kwa kwathu kuno sikungagonjetse galimoto yosamalidwa bwino. Kumangoulula zimene dzuwa la Okutobala ndi Novembala linawononga kale, ndiponso zimene ife eni ake tinachotsa kapena kuzinyalanyaza poganiza kuti zilibe ntchito kumalo otentha.

Ndiyambe ndi galimoto za dizilo, chifukwa ndizo zimavuta kwambiri m'mawa, ndipo ndizo zambiri pakati pa maminibasi, mapikiapu ndi malole a m'boma lino. Injini ya dizilo ilibe moto wa mapulagi monga ya petulo. Imapanikiza mpweya m'kati mwa silinda mpaka mpweyawo utatentha kwambiri, ndipo dizilo akapopedweramo amayaka yekha. Zitsulo za injini zikagona kunja usiku wonse zimayamwa kutentha kumeneku mpweya usanafike pamlingo woyatsa mafuta, n'chifukwa chake opanga anaikamo mahita pulagi, timitengo tachitsulo timene nsonga yake imafiira ndi moto wa batire, kupitirira madigiri 800, pa masekondi ochepa. Chizindikiro chake pa dashibodi ndi kanyali kachikasu kooneka ngati waya wopiringizika.

Polizapo, khalani pampando, onetsetsani kuti handibuleki ndi yokoka ndiponso giya ili pa nyutulo, kapena pa P ngati galimotoyo ndi ya otomatiki, kenaka zimitsani chilichonse chodya moto: nyali, wailesi, fani ndi AC. Tembenuzani kiyi mpaka pamene nyali za pa dashibodi zimayaka, ndipo muime pomwepo. Yang'anani kanyali ka waya wopiringizika kaja mpaka kazime, ndipo kakangozima, pondani kilatchi mpaka pansi n'kuliza. Kuponda kilatchi kumapeputsa ntchito ya sitata, popeza siitembenuzanso magiya amene ali m'kati mwa oyilo wozizira. Pa injini zakale za Toyota monga 2L, 3L, 5L ndi 1HZ, zimene zikadali zambiri pamisewu yathu, kudikira kumeneku n'kofunika kwambiri, ndipo ngati m'mawawo ndi wozizira kwenikweni, mukhoza kubweza kiyi n'kuyambiranso kuti mapulagi atenthe kawiri musanalize. Pa injini zatsopano kanyalika kamazima mwamsanga, ndipo pa galimoto zolizira batani, kompyuta ya galimoto imadikira yokha, choncho musadabwe mukadina batani n'kuona kuti papita kamphindi injini isanatembenuke.

Ikakana kulira, musaumirire kiyi kupitirira masekondi 10 kapena 15. Lekani, dikirani theka la mphindi, tenthetsaninso mapulagi, kenaka yesaninso. Sitata imakoka moto wambiri kuposa chipangizo china chilichonse m'galimoto, ndipo kuiumiriza kumaitentha m'kati n'kumalizanso batire nthawi imodzi. Mukayesa katatu osalira, vuto silikhala kuzizira kokha. Ngati injini ikutembenuka bwino koma ikulira mochedwa, ikunjenjemera, ndipo ikutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa umene ukutha pakapita kanthawi, kawirikawiri pulagi imodzi kapena ziwiri zafa. Makaniko akhoza kuziyeza ndi mita yoyezera magetsi popanda kuphwasula zambiri, ndipo ine ndimakonda kusintha zonse pamodzi, chifukwa zinakalamba limodzi. Pogula, tengani yakale ngati chitsanzo ndipo muuze wogulitsa ngati galimoto yanu ili ya mavoti 12 kapena 24, popeza malole ambiri ndi a 24, ndipo pulagi yolakwika imapsa msanga kapena siitentha mokwanira. Ngati utsi palibe n'komwe, mafuta sakufika, ndipo mudinedine kapampu kamene kali pamwamba pa sefa ya dizilo mpaka kalimbe, chifukwa mpweya umalowa m'mapaipi akale galimoto ikagona.

Batire ndilo ndikufuna kuti mulilingalire mofatsa, pakuti pamenepa ndi pamene nyengo ya Mangochi imatipusitsa. Anthu amati batire laphedwa ndi chisanu, koma chimene chimalipha ndi kutentha. M'miyezi yadzuwa madzi a m'batire amauma msanga ndipo zitsulo za m'kati zimadyeka, koma popeza injini yofunda imatembenuka mosavuta, simudziwa kuti lafooka. Juni akafika, batire limapereka moto wochepa chifukwa cha kuzizira, oyilo amakhala wolemera, mahita pulagi akufunanso gawo lawo, ndipo pamenepo mumangomva kuti kha-kha-kha. Choncho nthawi yoyeza batire ndi Epulo kapena Meyi. Batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini ili chizimire, ndipo likatsika kufika pa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu zake. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ikachepera pamenepo, vuto lili pa otaneta, chipangizo chimene chimatchaja batire, kapena pa lamba wake. Ngati batire lanu lili ndi zotsekera zotsegula, onjezerani madzi a batire ogula, osati asidi, osati madzi a m'nyanja kapena a pamjigo. Ufa woyera umene umamera pa mitu ya batire utsukidwe ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, mituyo imangidwe zolimba, ndipo nthawi zambiri zimenezi zokha zimabweza mphamvu imene mumaganiza kuti yatha.

Mukafuna kujampa, kutanthauza kuliza ndi moto wa batire lina, chingwe chofiira chilumikize mutu wa + wa batire lamoyo ndi wa + wa batire lofooka, ndipo chakuda chichokere pa mutu wa - wa batire lamoyo kupita pa chitsulo cha injini ya galimoto yokanayo, patali pang'ono ndi batire, kuti moto wothetheka usakumane ndi mpweya umene batire limatulutsa. Pochotsa yambani ndi chimene munamalizira. Kukankha galimoto kumatheka pa ya manyuwo yokha, mu giya yachiwiri, mutadikira kaye kanyali ka mapulagi. Ya otomatiki siilira ndi kukankha, ndipo mungovutitsa anyamata pachabe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani kuti musamachite ngakhale mutachedwa chotani. Choyamba ndi kuika mbaula kapena kusonkha moto wa mapepala pansi pa injini, kumene kumadontha mafuta ndi oyilo ndiponso kumadutsa mapaipi a mphira. Chachiwiri ndi kupopera mankhwala a m'chitini olizira injini, kapena kuika chiguduli cha petulo pamene injini imakokera mpweya. Pa injini ya mahita pulagi mankhwalawa akhoza kuphulika nthawi isanakwane akakumana ndi chitsulo chofiira, n'kuthyola maring'i a m'masilinda kapena kuvulaza amene waweramira pa injiniyo. Mtengo wa mapulagi atsopano ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuphwasula injini yonse.

Za petulo sizichuluka. Galimoto za masiku ano, monga Sienta, Probox ndi Vitz, zimadziyezera zokha mafuta malinga ndi kuzizira kwa injini, choncho musapondeponde mafuta musanalize. Mukamva ikulira mokwererapo pang'ono m'mawa, ndi mmene inapangidwira, ndipo imatsika yokha ikafunda. Choki yatsala pa galimoto zakale za kabureta, pa njinga zamoto zambiri za akabaza, pa majenereta ndi pa injini za maboti. Ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya kuti petulo achuluke, popeza petulo sauluka bwino m'zitsulo zozizira. Ikokeni, lizani, ndipo injini ikangokhazikika muyambe kuibweza pang'onopang'ono mpaka yonse. Kuyenda ulendo choki ili chikokere kumadetsa mapulagi, kumamwa mafuta, ndipo petulo wochulukayo amatsuka oyilo wa m'masilinda.

Injini ikalira, diso lanu lipite pa kanyali kofiira ka oyilo, kamene kayenera kuzima pa masekondi ochepa, ndipo kakapanda kuzima zimitsani nthawi yomweyo. Musaikalipitse ndi mafuta monga amachitira ena pa depoti pofuna kuti ifunde msanga, makamaka ngati ili ndi tabo, chifukwa oyilo amakhala asanafike m'malo onse. Mphindi imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira, kenaka nyamukani modekha, popeza injini imafunda msanga ikamayenda kusiyana ndi ikangoima. Oyilo akhale wa nambala imene opanga analemba. Chilembo cha W pa 15W-40 kapena 5W-30 chimanena za nyengo yozizira, ndipo nambala imene ili kumanzere kwake, monga 15 kapena 5, ikakhala yaying'ono, oyiloyo amayenda mosavuta m'mawa.

Galimoto zathu zambiri zinachokera ku Japan, ndipo zina zinapangidwira madera ogwa chipale chofewa monga Hokkaido, motero zimabwera ndi mabatani amene ambiri sitiwadziwa. Pa galimoto zina za dizilo mupeza batani lolembedwa IDLE UP kapena PWR HEAT, limene limakweza kaliridwe ka injini kapena kuthandiza hita kuti ifunde msanga galimoto ili chiimire. Mukhoza kuligwiritsa ntchito m'mawa wozizira, koma mulizimitse mukafunda, ndipo ngati galimoto yanu ikulira mokwera popanda chifukwa, yambani mwaona ngati mwana sanalidine. Kumaiko ozizira koopsa monga Canada kuli galimoto zokhala ndi chingwe cholumikiza ku magetsi a m'nyumba kuti madzi a m'injini azifunda usiku, koma kuno chimenecho chilibe ntchito.

Tsopano tilowe m'kati. Kaya galimoto yanu ili ndi zopotokola kapena mabatani, zimene mukulamulira ndi zinayi: mphamvu ya fani, kutentha kapena kuzizira kwa mpweya, kumene mpweyawo ukutulukira, ndiponso kumene ukuchokera, kunja kapena m'kati momwemo. Hita siigwiritsa ntchito mafuta apadera. Kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono kamene madzi otentha a injini amadutsamo, ndipo fani imangokankha mpweya kupyola pamenepo. Ndiye kuyatsa hita injini ikangolira kumene n'kudzipemerera mphepo yozizira. Dikirani muvi wa kutentha uyambe kusuntha, lozetsani mpweya kumapazi, popeza mpweya wofunda umakwera wokha, ndipo fani ikhale pakatikati.

Pamenepa ndinaphunzira movutikira. Chaka china pikiapu yanga inkawira, ndipo makaniko wina, ponena za themositati, kachipangizo kamene kamatseka ndi kutsegula njira ya madzi a injini, anandiuza kuti, "Bwana, kuno n'kotentha, themositati imeneyi ndi ya kwa azungu, tingoichotsa." Ndinavomera, ndipo kuwirako kunaoneka ngati kwachepa. Mu Julaye tinagona kumaliro ku Namwera, ndipo pobwerera m'bandakucha ndinanyamula apongozi anga ndi mlamu wanga kutsogolo. Titangoyamba kutsetsereka mapiri a Chowe, galasi lonse linachita nthunzi m'kati. Ndinapotokolera hita mpaka kumapeto, koma muvi wa kutentha unali utagona pa C, mbali yosonyeza kuzizira, pakuti potsetsereka injini siigwira ntchito yolemetsa, ndipo madzi ankangozungulira mu rediyeta mopanda chowaletsa. AC nayo inali itatha gasi kalekale. Apongozi anavula mpango wawo n'kumapukuta galasi patsogolo panga, ine ndikusuzumira pakampata kofanana ndi chikhatho, pamsewu wokhotakhota wokhala ndi phompho m'mbali. "Imani, bambo, moyo ndi wofunika kuposa kufulumira," anatero, ndipo tinaima mpaka kunja kutayera. Pambuyo pake zinadziwika kuti chimene chinkawiritsa injini chinali rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri. Themositati imatsekera madzi m'injini mpaka atafika pakati pa madigiri 80 ndi 90, kenaka n'kutseguka, ndipo injini yopanda themositati imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndiponso imatha msanga. Ikafa, gulani ina. Chimodzimodzinso karediyeta ka hita kakabooka, ambiri amangolumikiza mapaipi ake kuti madzi asapitekonso, koma dziwani kuti mwataya chida chochotsera nthunzi. Chimene chimakaboola ndi madzi wamba, choncho thirani kulanti weniweni, amene amateteza ku dzimbiri komanso sawira msanga.

Nthunzi ya pagalasi imachokera m'mpweya umene okwera akupuma ndi m'zovala zonyowa, ndipo imagwira pagalasi chifukwa galasilo n'lozizira. Mankhwala ake ndi mpweya wouma. Dinani batani la chithunzi cha galasi lopindika lokhala ndi mivi itatu yokwera, limene nthawi zambiri limalembedwa FRONT, kwezani fani, yatsani AC ngakhale kunja kukuzizira, onjezani kutentha, ndipo onetsetsani kuti mpweya ukuchokera kunja. Ambiri amadabwa kumva za kuyatsa AC ndi hita nthawi imodzi, koma AC imachotsa chinyezi m'mpweya, kenaka hita imaufunditsa usanafike pagalasi. Madzi amene mumaona akudontha pansi pa galimoto AC ikamagwira ntchito ndi chinyezi chomwecho, si vuto ayi. Ngati AC ndi yakufa, tsegulani mawindo pang'ono mbali zonse ziwiri. Galasi lakumbuyo lili ndi batani lakelake, la chithunzi cha makona anayi, limene limatenthetsa timizere ta m'galasimo, ndipo popukuta galasi limenelo tsatirani timizereto mofewa kuti musatidule. Galasi lakuda m'kati limagwira nthunzi msanga, choncho lizitsukidwa m'kati ngati mmene timalitsukira kunja. Zonsezi zimagwiranso ntchito m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene minibasi yodzaza anthu onyowa imachita khungu pa mphindi zochepa.

Batani la chithunzi cha galimoto yokhala ndi muvi wopindika m'kati mwake limatseka mpweya wakunja kuti uzizungulira womwewo. Ndi lothandiza mukamayenda pamsewu wafumbi monga wa ku Makanjira, mukakhala kumbuyo kwa lole yofuka utsi, kapena mukafuna kuti AC iziziritse msanga. Koma musaliiwale lili chiyakire ulendo wonse, chifukwa mpweya wopumidwa kale umachuluka, nthunzi imabwera, ndipo dalaivala amayamba kulemedwa m'maso osadziwa chifukwa chake. Fumbi likatha, bwezerani mpweya wakunja.

M'miyezi yotentha, galimoto imene yakhala padzuwa pamsika imasanduka ng'anjo, ndipo kuyatsa AC mawindo ali chitsekere n'kuipatsa ntchito yopitirira muyeso. Tsegulani mawindo onse, yendani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mpweya wotenthawo utuluke, kenaka tsekani n'kuyatsa AC ndi batani lozunguliza mpweya lija. Ngati galimoto ili ndi AUTO, ikani pa madigiri 23 kapena 24 n'kuisiya idzilamulire. Nyengo yozizira musaigoneke AC miyezi itatu yathunthu, koma muziiyatsa mphindi 10 sabata iliyonse, popeza oyilo wa kompulesa amayenda limodzi ndi gasi ndipo ndiye amafewetsa mphira zotsekera kuti zisaume. Gasi wa AC satha ngati mafuta, ndipo akachepa ndiye kuti pali pamene pakudontha, choncho funsani kuti apeze pobookapo asanathire wina. Galimoto zambiri zimene tili nazo zimagwiritsa ntchito gasi wa R134a, ndipo mtundu wake unalembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti. Mpweya ukamatuluka mofooka kapena ukamanunkha chinyezi, onani sefa imene pa galimoto zambiri ili kuseri kwa kabokosi ka patsogolo pa wokwera. Ndi fumbi la kuno imadzaza msanga, ndipo ndinatulutsamo kale masamba ouma ndi chisa cha mbewa.

Mukamakwera phiri ndi katundu n'kuona muvi wa kutentha ukupitirira pakati, zimitsani AC, tsegulani mawindo, ndipo ikani hita ndi fani pamapeto. Mudzatuluka thukuta, koma karediyeta ka m'kati kaja kadzathandiza kuchotsa kutentha kwa injini mpaka mutapeza malo abwino oimapo. Muvi ukafika pofiira imani basi, ndipo musatsegule chotsekera cha rediyeta injini isanazizire, chifukwa madziwo amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Amene mumagona m'galimoto podikira nsomba kudoko kapena podikira kuti chipata cha m'malire cha Chiponde chitsegulidwe, musagone injini ikulira pofuna hita kapena AC. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa poizoni umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo paipi ya utsi ikakhala yobooka, kapena galimoto ikakhala m'garaja yotseka, mpweyawo umalowa m'kati n'kupha munthu ali m'tulo. Fundani bulangete, zimitsani injini, siyani windo lotsegula pang'ono. Masana, mwana asatsale m'galimoto yotseka ngakhale mukungolowa m'sitolo, pakuti thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu, ndipo m'dzuwa la Novembala kuno mphindi zochepa chabe ndi zokwanira kumukomola.